Kodi pulasitiki amagona bwanji?

Anzanga, alipo amene anakuuzanipo kuti pulasitiki ndi chiyani kwenikweni? Ine sanandiuze. Akatswiri amati ndi timamolekyu tolumikizana mumzere wautali ngati mikanda pa ulusi, ndipo mzerewo amautcha polima. Hermann Staudinger wa ku Germany atanena zimenezi mu 1920, anzake ambiri anamutsutsa. Mphoto ya Nobel anadzamupatsa mu 1953. Ngati ophunzira okhaokha anakanganirana choncho, ife tikanadziwira kuti?

Akuti njira yofala yopangira mzerewu ndi yogwiritsa ntchito radical, kachidutswa kosakhazikika kamene kali ndi elekitironi imodzi yosowa inzake. Kamatola mkanda uwu, kutola uwo, mwaliwiro. Pakangotha sekondi ngati imodzi, kakumana ndi kanzake, basi, mzere wasiya kukula. Mizere ina imatuluka yaitali, ina yaifupi. Mapaipi a PVC ndi penti wambiri amapangidwa motero. Ndiye kuti zaka zonsezi palibe amene ankalamula kutalika kwake? Nanga paipi yosalamulidwayo ikutungitsa bwanji madzi bwinobwino?

Mu 1995, Krzysztof Matyjaszewski wa ku Carnegie Mellon University, ku Pittsburgh, ndi Mitsuo Sawamoto wa ku Kyoto, aliyense payekha, anapeza njira imene tsopano imatchedwa ATRP. Woyambayo anagwiritsa ntchito kopa, winayo ruthenium. Akuti mzere amaugoneka. Umadzuka kanthawi kochepetsetsa, n'kuwonjezera mikanda ingapo, n'kugonanso. Poti nthawi iliyonse mizere yodzuka ndi yochepa kwambiri, sikumanakumana kuti iphane, choncho yonse imakulira limodzi kwa maola ambiri. Apa m'pamene mutu wanga waima. Chinthu chikule bwino chifukwa chogona? Amene amaudzutsa ndi kopayo, koma amadziwa bwanji woyenera kudzuka? Ntchito ikatha, kopayo amapita kuti? Akuti anaphunzira kumuchepetsa kwambiri. Kuchepetsa n'kuchotsa kodi?

Mu 1998 Ezio Rizzardo, Graeme Moad ndi San Thang a bungwe la CSIRO ku Australia anabweretsa ina, ya RAFT, yodalira mankhwala okhala ndi salufa. Ndi njira zimenezi munthu angathe kumanga mzere umene mbali ina imakonda madzi, ina mafuta. Ofufuza akuyesa mizere yotere ponyamula mankhwala m'thupi. Zimenezi n'zogometsa ndithu. Koma papita zaka zoposa 25, ndipo mapulasitiki ambiri amene timagwira tsiku ndi tsiku sapangidwabe motero. Vuto ndi mtengo? Kuchedwa kwa njirayo? Kapena opanga katundu sanaone chifukwa chosinthira?

Funso limene likundisowetsa mtendere ndi ili: amene anaphunzira kumanga mwaluso chotere, kumasula anaphunzira liti? Mu 2022 gulu la Athina Anastasaki ku ETH Zurich linaonetsa kuti polima wina wopangidwa ndi RAFT, akamutenthetsa kufika madigiri 120, amamasuka n'kubweza mikanda yake mpaka 92 pa 100 iliyonse. Chinsinsi chake ndi kachidutswa kakumapeto kwa mzere, kamene kamaugoneka. Jumbo wa kumsika alibe kachidutswa kotero. Kafukufuku wa mu 2017 anapeza kuti mwa zinyalala zonse zapulasitiki zimene anthu anali atataya padziko lapansi, 9 pa 100 zokha n'zimene zinakonzedwanso. Zinazo azimasula ndani?

Akuluakulu a m'malabotale, tifotokozereni zimenezi m'mawu oti tonse timve. Katunduyu timamugula ndife, ndipo akatha ntchito amatsala pakhomo pathu.