Ofesi yanga ili pakhonde

Ku Katete kuno munthu wapantchito amadziwika: amalawira mamawa, kukwera njinga kapena honda, n'kulunjika ku Boma kapena ku chipatala cha St Francis. Ine wogwira ntchito pa intaneti ndili pakhomo, abwana ali ku Lusaka, anthu anagamula kalekale kuti ndine lova wokhala ndi laputopu. Ndiye wotumidwa kuchigayo angakhale ndani? Azakhali amatulukira ndi thumba la chimanga msonkhano uli mkati: "Mwanawe, poti ukungokhala, tandigayitsireko aka."

Msonkhano wa pa Zoom nawo uli ndi oyimba ake. Malole ochokera ku Chanida amabangula akamalowa mu Great East Road, tambala wa aneba n'kuvomereza, mpaka abwana amafunsa mwaulemu ngati ndili pa siteshoni ya basi. Mu 2024, chilala chitaphwetsa madzi ku Kariba, magetsi ankabwera pakati pa usiku ngati mfiti, ndipo tonse tinaudziwa mtengo wa sola.

Mnzanga wa ku Sinda akuti kwawo n'kwabwinoko. Wa ku Vubwi ndiye wondimvetsa chisoni: akakwera pachulu kusaka netiweki, foni imamulandira ku Malawi, mwiniwake ali chiimire m'munda wa agogo ake.

Sabata la mwambo wa Kulamba, kumapeto kwa Ogasiti, ntchito sindiyerekeza n'komwe. Achibale opita ku Mkaika kwa Gawa Undi amadzaza nyumba, ndipo aliyense, asanapereke n'komwe moni, amafunsa pali soketi yotchajira foni.