Za nthochi sizitha pa Mishoni

Sabata ino, pamene amayi amayala malonda pafupi ndi chipatala cha Mulanje Mission, pabuka mkangano wa nthochi. Unayamba ndi gadiyani wina amene anafuna phava lopatsa wodwala wake, ndipo wogulitsa anamufunsa kuti, "Mukufuna ziti, amayi?" Funso lomweli linakoka anyamata a kabaza, ophunzira unamwino ndi agogo ena amene ankangodutsa.

Gulu lalikulu lili kumbali ya sukari. Akuti ndi kanthochi kakang'ono, khungu lopyapyala, koma kutsekemera kwake ndiko kunakapatsa dzina. Wodwala amene wakana nsima, sukari amalandira. A kabaza anakana kwamtuwagalu. Mmodzi anati, "Achemwali, munthu wopalasa njinga kuchoka pa Chitakale ungamupatse sukari? Zinayi zalowa, m'mimba muli zii." Iwo akufuna mulanje, nthochi yaitali yonenepa, yakuti ziwiri zokha wakhuta. Ndipo amanyadira kuti nthochiyi ili ndi dzina la boma lathu, ngakhale alangizi amaitchula kuti Williams.

Agogo aja anadikira kuti phokoso lizizire, kenaka anati onsewo ndi ana, sanadye kabuthu wakupsa bwino. Kabuthu wa kale, wamtengo waufupi woti mkoko umatsala pang'ono kugunda pansi, wovundikidwa m'masamba mpaka fungo lidzaze nyumba. Akuti nthochi imeneyo siifuna mano, ndipo anatsegula kukamwa kuti onse aone umboni. Anthu anaseka mpaka wogulitsa anaiwala kubweza chenje.

Ine ndili kumbali ya agogo, ndipo mtima umandiwawa kuti ana ambiri a kuno akukula osaidziwa bwino nthochi imeneyi. Matenda a chisaka, amene anayamba kuonekera ku Nkhotakota m'zaka za m'ma 1990, anafika ku Thyolo ndi ku Mulanje n'kupululutsa minda. Amafala ndi nsabwe za nthochi komanso pobzala ana ochokera ku phata lodwala. Masamba amapinimbira n'kuunjikana pamwamba, mkoko osatuluka. Kabuthu ndi mulanje ndiwo anagwa msanga. Boma linalangiza alimi kuzula mapata odwala n'kubzala mbewu yopanda matenda, yonga imene amachulukitsa ku Bvumbwe, koma kuzula nthochi imene anabzala amayi ako si ntchito ya khasu lokha. N'chifukwa chake lero dziko limene linkadya nthochi za ku Thyolo likugula zina ku Tanzania ndi ku Mozambique.

Apa ndi pamene nkhani inakhotera ku mtengo. Ogulitsa akuti phava lakwera chifukwa amakapikula kutali, ena mpaka ku Limbuli kufupi ndi chipata cha Muloza, ndipo thiransipoti imadya phindu. Ogula akuti kale munthu ukagula phava ankakuikira basela osapempha, lero ukapempha amakuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

Amayi okazinga zitumbuwa anamvetsera zonsezi akupukusa mitu. Kwa iwo nthochi ndi makumbuka ndi kholobowa, zimene ena amazinyoza kuti n'zolimba ndiponso zosanunkhira. Akuti zikapsa kwambiri n'kuzisinja ndi ufa wa mgaiwa, chitumbuwa chimagwirana bwino, ndipo mtengo wake sukuthyola msana. Wophunzira wina wa kumpoto analowerera kuti kwawo ku Karonga nthochi yeniyeni ndi yophika ndi nyama, mbalagha, osati yosenda n'kumeza. Anamuyankha kuti abweretse mphika tilawe, milandu ya chakudya saweruza ndi pakamwa pouma.

Gadiyani uja anagula sukari wa wodwala ndi mulanje wa iye mwini. Koma mkangano wina wayamba kale: mnyamata wa kabaza wanena poyera kuti nanazi wa ku Mulanje wasiya kutsekemera, ndipo amayi ogulitsa nanazi amuitanitsa kuti Loweruka adzabwereze mawu amenewo pamaso pawo.