Ulemu wa Njinga Yakale Yampikisano

Njinga yakale yampikisano ndi ija ya matayala owonda, mahandulo opindikira pansi ndi fulemu yachitsulo, yomwe makampani monga Peugeot ya ku France, Raleigh ya ku Britain ndi Bianchi ya ku Italy ankapanga m'zaka za m'ma 1970 ndi 1980. Zambiri masiku ano zimangokhala zitatsamira khoma, matayala ali phwa, kudikira tsiku lomwe mwini wake adzadzifunse ngati aikonzetse kapena agule yatsopano. Ulemu wa njingayi wagona pa luso lake lokana kuti funsoli liyankhidwe msanga.

Choyamba, ndi ya kubanja lomveka. Mapaipi otchuka opangira fulemu a Reynolds 531 adayamba kupangidwa mu 1935, ndipo Eddy Merckx adapambana Tour de France kasanu, pakati pa 1969 ndi 1974, ali pa njinga yachitsulo. Mbiriyi mwini njinga amailandira ulele, ndipo imamutonthoza pachitunda anzake a njinga za kaboni akamamupitirira. Ndi yomveranso malamulo. Mu 2000 bungwe loyang'anira mipikisano ya njinga la UCI lidalamula kuti njinga yampikisano isapepuke kuchepera makilogalamu 6.8. Yakaleyi, yomwe kawirikawiri imalemera makilogalamu 10 kapena kuposerapo, sidaganizepo zoswa lamuloli.

Chachiwiri ndi umodzi wa zitsulo zake. Tcheni chikatha chimadya mano a fuliwilo, ndipo tcheni chatsopano chimalumphalumpha pa mano odyekawo, choncho fuliwilo nayo igulidwe. Wofuna kuwonjezera magiya amapeza kuti mpata wa habu yam'mbuyo ndi mamilimita 126, pamene habu ya magiya ochuluka imafuna 130. Chitsulo chimalola kukanulidwa pang'ono, koma ntchitoyo ndi ya makanika wodziwa, ndipo iye sagwira yathangata. Malimu akale a mainchesi 27 ndi a mamilimita 630, pamene amakono a 700C ndi a 622. Kusiyana kwake ndi kochepa, komabe mabuleki ayenera kutsika ndi mamilimita 4, ndipo ena safikako. Chitsulo chilichonse chikamachoka chimaitana chinzake. Akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto. Njinga yokalamba ndi m'dambo mozimira malipiro.

Chachitatu, ndi mphunzitsi wosatopa. Ma Peugeot ambiri akale ali ndi mazinga achifalansa pomwe pamazungulira mapedulo, osiyana ndi achingelezi omwe adafala pambuyo pake. Mwini wake amasanduka katswiri wa miyeso yomwe mafakitale adaisiya kalekale, ndipo amadziwana ndi aliyense wogulitsa zitsulo zakale. Paipi ya aluminiyamu yogwiriza chishalo ikakhalitsa mu fulemu yachitsulo popanda girisi, ziwirizi zimamatirirana mpaka kalekale. Kukhulupirika kotereku kumachititsa kuti chishalo chikhalebe pa msinkhu wa mwini wake woyamba, ngakhale wokwera watsopano atakhala wamtali. Magiya nawo amasinthidwira pansi pa fulemu, dzanja litachoka pa handulo. Kampani ya Shimano idabweretsa magiya odumpha mwandondomeko mu 1984 ndi osinthira pa zogwirira mabuleki mu 1990, koma njinga yakale imasiyabe wokwera kuti apeze giya ndi khutu, pomvera kulira kwa tcheni.

Njinga yatsopano ilibe ukoma wonsewu. Imayenda bwino tsiku lomwe yagulidwa, mabuleki ake a disiki amagwira ngakhale pamvula, ndipo zitsulo zake zimapezeka m'sitolo popanda kufunsa kanayi. Mwini wake amangokwera basi, osaphunzirapo kanthu.

Odziwa ntchitoyi amalangiza zosavuta. Fulemu ikakhala yolingana ndi msinkhu wa wokwera, yopanda mng'alu ndi dzimbiri lolowerera, ndi bwino kusintha matayala, machubu, nthambo, malabala a mabuleki, tcheni ndi fuliwilo, n'kulekera pomwepo. Mtengo wa magudumu, magiya ndi mabuleki amakono ukayandikira wa njinga yatsopano, nzeru ndi kugula yatsopanoyo. Njinga yakale imaulemekeza uphunguwu, koma imadziwa kutulutsa mavuto ake limodzilimodzi, kuti mwini wake asaone chiwerengero chonse nthawi imodzi. Akamadzawonkhetsa, ndalama za njinga yatsopano zidapita kale, ndipo chakale chotsala ndi fulemu ndi dzina la kampani.

Ngakhale amene wagula yatsopano sapulumuka. Yakale satha kuigulitsa pa mtengo wolingana ndi zomwe idadya, ndipo kuitaya mtima sulola. Ku Gaiole in Chianti, ku Italy, kuyambira 1997 kumachitika L'Eroica, ulendo wa njinga zachikale wodzera m'misewu yamiyala, komwe ya kaboni yamakono siloledwa. Choncho yakale imasungidwa podikira ulendo wotero, ndipo funso lokonzetsa kapena kugula limatha mwamtendere: m'nyumba mumakhala njinga ziwiri, zonse zofuna tcheni.