Za Alendo Oonera Mbiri pa Windo la Basi

Pakati pa anthu oyendera malo a mbiri yakale pali gulu limodzi limene akatswiri sanalifufuze mokwanira, ndilo la alendo a kwawo komwe, kutanthauza anthu obadwira pafupi ndi chinthu choyenera kuonedwa amene amachita kumera imvi asanachione, ndipo mlembi wa danga lino, mbadwa ya ku Minga m'boma la Petauke, ndiye chitsanzo chosasowa umboni. Iye amadziwa kuti mishoni ya Minga inatsegulidwa mu 1923 ndi ansembe a Katolika otchedwa White Fathers, koma chakacho anachimva kwa mzungu wodzaona malo amene ankamufunsa njira, ndipo kuyambira pamenepo amachitchula mokweza pamaliro ndi paukwati ngati kuti njerwa zake anaumba ndi iyeyo. Kumishoniko amafikako malungo akamugwira, pakuti kuli chipatala, komatu munthu wonjenjemera sakweza maso kuti aone kamangidwe ka tchalitchi.

Njira imene katswiriyu amaphunzirira mbiri imadzera m'mimba. Mlatho wa Luangwa, umene unamalizidwa mu 1968 ndipo umalumikiza chigawo cha Lusaka ndi cha Kum'mawa pa msewu wa Great East, unakolekedwa pa zingwe zachitsulo zotsika kuchokera pa nsanja ziwiri, ndipo odziwa zomangamanga amaima nkumauyang'anitsitsa. Mlembiyu amauzindikira ndi mphuno, chifukwa fungo la nsomba zouma za pamsika wapafupi ndilo limamudzutsa kutulo, ndipo pamene basi ikuoloka mtsinjewo iye amakhala atawerama, akuwerenga chenji. Boma la Nyimba, kumene mpingo wa Dutch Reformed unakhazikitsa mishoni ya Hofmeyr mu 1914, m'mutu mwake linalembedwa ndi mawu amodzi okha, nthochi, ndipo pa mutu umenewu amatha kukamba ola lathunthu osabwereza mfundo.

Pamafunika chilungamo pofotokoza za Tuwimba, mwambo umene Ansenga amachita mu Okutobala motsogozedwa ndi mfumu yaikulu Kalindawalo, pamene anthu amathokoza ndi kupempha mvula kudzera mwa mizimu ya makolo, chifukwa kumeneko mlembiyu amapitadi. Chovuta nchakuti amafika nsembe itathiridwa kale, nakhala kutali ndi bwalo koma pafupi ndi mbiya za mowa, kotero kuti lipoti lake la mwambowo limalongosola bwino kukoma kwa ndiwo ndi kuuma mtima kwa ogawa, pamene za mafumu limangoti analipo. Mwambo wa Kulamba wa ku Mkaika m'boma la Katete, kumene Achewa a m'maiko atatu amakaonekera kwa Kalonga Gawa Undi mu Ogasiti, amaumvera pa wailesi, ndipo amautsutsa kapena kuuyamikira malinga ndi mphamvu ya mabatire.

Kumaiko ena zinthu sizili chomwechi. M'chigawo cha Galicia ku Spain anthu amayenda pansi mtunda wosachepera makilomita 100 kuti akafike ku tchalitchi chachikulu cha Santiago de Compostela ndi kulandira chikalata chochitira umboni ulendo wawo, pamene mlembiyu, akatsika basi pa Minga Stop, amakhala pamthunzi kudikira njinga yoti imunyamule, nakangana ndi mwini wake za mtengo mpaka dzuwa kupendeka.

Ulendo wokaona zojambula za pamiyala kuphanga la Kalemba m'boma la Chadiza, limene David Phillipson anakumba mu 1971, unakonzedwa kale ndipo umangosunthidwa pa zifukwa zasayansi, pakuti m'dzinja kuli matope, m'masika kuli ntchito yokolola, ndipo m'chilimwe kumatentha. Mkazi wake, amene ndi yekhayo wounika kafukufukuyu, anapereka chigamulo chachidule chakuti, "Bambo a ana, yambani mwakaona denga la nkhokwe yanu, nalonso lasanduka chinthu chakale," ndipo ndalama za ulendowo anagulira feteleza.