Namkungwi wa maseveni okhaokha

Mayeso a MSCE ine ndinalemba kawiri. Ulendo wachiwiri ndi umene ndinatola mapointi 42, maseveni okhaokha ngati ndinachita kupikula pamsika. Kwa amene munaiwala, pamayesowa amaphatikiza maphunziro asanu ndi limodzi, ndipo katswiri weniweni ndi wa mapointi 6. Agogo anga sankadziwa zimenezi. Anamwalira akunyadira kuti mdzukulu wawo anakolola mapointi ochuluka kuposa mwana wa aphunzitsi.

Munthu wake ndi ameneyu amene mwezi watha anasankhidwa kukhala mentor. Pali bungwe lina limene pa holide limatenga ana anzeru a kusekondale n'kuwatumiza kwa akatswiri, kuti azikaona ntchito ndi maso, azifunsa, adziwe msanga njira yolowera. Kumudzi timati unamkungwi, kungoti uku sapereka nkhuku. Mwana amene anatumizidwa kuntchito kwathu ankayenera kupita kwa injiniya wathu, koma injiniya anali ku wekishopu ku Mangochi, ndipo wachiwiri wake anali ku Salima, ku wekishopu younikira ya ku Mangochi ija. Muofesi tinatsalamo awiri, ine kalaliki wa mafayilo ndi ketulo. Abwana anayang'ana ketulo kanthawi ndithu asanandiloze ine.

Lolemba m'mawa anafika mtsikana wa Fomu 3 wa pa CDSS, nsapato zopukuta bwino, kope m'manja, mafunso atawalembera manambala mpaka 20.

"Abambo, chinakuchititsani kusankha ntchito imeneyi n'chiyani?"

Zoona zake n'zoti amalume ankadziwana ndi mlonda wapageti. Koma namkungwi saulula zakudambwe.

"Masomphenya, mwananga," ndinatero, n'kuyang'ana kudenga.

Analemba.

Anandiuza kuti akufuna kukaphunzira uinjiniya ku MUST ku Thyolo, zikakanika ku MUBAS, imene ife akale timaitchulabe kuti Poly. Kenako anandifunsa za William Kamkwamba. Ameneyo ndimamudziwa, mnyamata wa ku Wimbe ku Kasungu amene ali ndi zaka 14 anapanga makina amphepo opangira magetsi ndi zitsulo zotola ndi zanjinga, atangoona m'buku la mulaibulale. Anthu atamuona n'kumugwira dzanja, anakafika ku African Leadership Academy ku Johannesburg, kenako ku Dartmouth ku America. Inenso pa zaka 14 ndinapanga galimoto yamawaya. Inaguluka teyala tsiku lomwelo, ndipo amene anandigwira dzanja anali bambo anga, atazindikira kuti mawayawo ndinadula pa khola la nkhumba.

Pofuna kubweza ulemu wanga ndinayamba mbiri yakale. Ndinamuuza kuti zosankha ana anzeruzi si zalero, a Kamuzu anatsegula Academy yawo ku Mtunthama mu 1981, kumene ana opambana ochokera m'maboma ankakaphunzira Chilatini ndi Chigiriki. Ndinawonjeza kuti nanenso Chilatini ndimachidziwako pang'ono, monga "amen".

"Pepani abambo, amen ndi Chiheberi."

Ndinakawiritsa tiyi.

Lachiwiri ndinamuphunzitsa zimene ndimazidziwadi. Jekete umasiya pampando kuti abwana aziti uli pafupi, pamene iwe uli pamzere wa chiwaya. Ukamayenda mukhonde uzinyamula fayilo ndipo uzikwinya nkhope, palibe amakutuma. Mawu atatu oti "netiweki yavuta, bwerani mawa" amathetsa milandu yambiri kuposa khoti. Anandiwerengera kuti mawuwo ndi anayi, koma analemba.

Tsoka linagwa Lachitatu. Mwezi uliwonse ndimakhala masiku atatu ndikuphatikiza manambala ndi kakyuleta n'kumawalowetsa mukompyuta limodzilimodzi. Masiku atatu amenewa ndiwo ulemerero wanga, ofesi yonse imayenda monyang'ama, ngakhale abwana amagogoda. Mwana uja anasuzumira, napempha mbewa ya kompyuta ndi manja awiri, anadinadina mu Excel, ndipo tiyi wanga asanazizire n'komwe manambala onse anali ataphatikizika okha. Zaka 14 za ukatswiri zinasungunuka ngati shuga. Anapezanso kuti kuyambira Januwale ndakhala ndikulakwitsa mzere umodzi.

"Mwananga," ndinanong'ona, "zimene waona muno n'zachinamwali. Sitinena kunja."

Ndinamugulira tchipisi ndi Fanta, pangongole.

Lachinayi anapempha kuona mapulani a injiniya. Apa pokha ndiye ndinali mfumu, chifukwa makiyi a chipinda cha mafayilo amakhala m'thumba mwanga. Ndinatsegula. Analowa 8 koloko, anatuluka 4 koloko, fumbi mpaka m'nsidze, maso akuwala ngati waona Yerusalemu. Ine chipinda chimenecho ndimalowamo pokagona masana basi. Ndinaimbira injiniya ndi mayunitsi anga kuti alankhulane naye mphindi ziwiri. Analankhula mpaka foni inadula yokha, ndipo zimene ndinamvapo ine ndi moni yekha.

Lachisanu kunali fomu ya bungwe lija. Pafunso loti waphunzira chiyani kwa mentor wako, analemba mzere umodzi: "Ndaona kufunika kolimbikira sukulu." Abwana anasangalala kwambiri, anandigwira chanza pamaso pa onse. Mayi akunyumba nditawaonetsa anaseka mpaka ndiwo zinapserera, sanandiuze chifukwa.

Holide ikubwerayi akuti atumiza ana atatu, mmodzi ndi katswiri wa masamu. Ndalemba kale kalata yopempha wekishopu, kulikonse, ngakhale ku Nsanje mwezi wa Okutobala.