Chitamando cha Nkhalamba Celeron ya ku Chunga

Popeza anthu a masiku ano anazolowera kuombera m'manja zinthu zothamanga zokhazokha, kotero kuti basi yoyenda modekha itukwanidwa ndipo mlaliki wochedwa kufika pa Ameni ayang'aniridwa wotchi, ndaona kuti n'koyenera kuti munthu mmodzi, ngakhale wosatchuka monga ine, aimirire pabwalo ndi kunenera mbiri nkhalamba ina imene ikhala m'bokosi lachitsulo, pansi pa tebulo, m'kantemba kena ka ku Chunga, kuseri kwa Matero. Nkhalambayi ndi purosesa, ndiye kuti ubongo wa kompyuta, kachitsulo kosaposa bokosi la machesi m'lifupi. Ndipo dzina lake laulemu ndi Intel Celeron E3300.

Dzinalo palokha ndi lochititsa kaso, pakuti linachokera ku liwu la Chilatini lotanthauza liwiro, monga momwe makolo atchira mwana wawo Chuma nkhokwe ili mbee. Kholo la fuko limeneli linabadwa m'chaka cha 1998, ndipo kuti mtengo wake utsike, eni ake analimana kathumba kaja kotchedwa L2 cache, momwe purosesa isungira pafupi zinthu zimene ifuna kawirikawiri, kuti isamayende ulendo wa ku RAM nthawi ndi nthawi. Chotero kuyambira pachiyambi, Celeron anaikidwa kukhala mwana wodya zotsala. Wathu wa ku Chunga anabadwa mu 2009 ndi mitu iwiri yoganizira, liwiro la 2.5 GHz ndi kathumba ka 1 MB, pamene mkulu wake Core 2 Duo E8400, wa 2008, wokhala pampando womwewo wa LGA 775, anapatsidwa 3.0 GHz ndi 6 MB. Esau, pogulitsa ukulu wake, analandirako mphodza. Uyu sanafunsidwe n'komwe, koma sindinamumve akudandaula.

Anafika m'Zambia monga zifikira salaula za ku Soweto Market, atatha kale ntchito m'maofesi a tsidya la nyanja, ndipo pa msinkhu umene anzake anaphwanyidwa, iye anayamba moyo wachiwiri.

Ukoma wake woyamba ndiwo kudekha, kumene akulu anati kuonetsa maso a nkhono. M'mawa mwini kantemba akasindikiza batani, ali nayo nthawi yosesa pakhomo, yokoleza mbaula, yopita kukagula vitumbuwa kwa amayi a pangodya ndi kufunsa za odwala a kwawo. Ndipo pobwera apeza nkhalambayo ikali kudziongola, kachizindikiro kake kakuzungulira pagalasi monga nkhuku yofuna poikira. Ndinaonapo mnyamata wa ku Lilanda atabwera kudzaona zotsatira za mayeso a Giredi 12, thukuta lili kamukamu pamphumi. Tsambalo linatsika pang'ono pang'ono, mzere umodzi, kupuma, mzere wina, kotero kuti asanafike pa masamu anali atapemphera, atalapa, ndiponso atakonza kale mawu okanena kwa atate ake. Kodi purosesa yaliwiro ikanamchitira chifundo chotere? Ikanangomuponyera tsoka lake kumaso, phwa! Ndipo popeza intaneti m'tuntemba totere ilipiridwa poyesa mphindi, aliyense wodziwa kuwerengera aona yekha kuti wantchito wochedwa ndiye amene adyetsa mbuye wake, pamene wofulumira athamangitsa ndalama pakhomo.

Sindikana kuti adzukulu ake amposa mphamvu, pakuti wotamanda wonama ndi mdani wa amene atamandidwa. Core i5-2400 wa 2011 ali ndi mitu inayi. Pentium G4560 wa 2017, amene anatuluka pa mtengo wa madola 64, ali ndi mitu iwiri yogwira ntchito zinayi nthawi imodzi. Athlon 3000G wa AMD, wa 2019, anagulidwa madola 49, ndipo akhuta ndi mawati 35 okha. Core i3-12100 wa 2022, wa mitu inayi ndi ntchito zisanu ndi zitatu, atha kutsiriza ntchito nkhalamba yathu isanapeze magalasi ake. Koma walira mvula walira matope. Pakuti i3 ameneyu ali ngati mkwatibwi wa ku Kabulonga, amene salowa m'nyumba imene waipeza. Afuna mpando wake wa LGA 1700, ndiye kuti motherboard yatsopano. RAM yakale aikana, afuna DDR4 kapena DDR5. Ndipo munthu amene anapita m'tauni kukagula kachitsulo kamodzi abwerako atagulitsa ndi njinga yomwe.

Ndipo liwiro lonselo n'lachiyani? Chimene Chunga apempha kwa kompyuta n'chodziwika: kalata yofunsira ntchito ya ulonda, CV ya tsamba limodzi, chikalata chogulitsirana puloti, nyimbo zauzimu zoika pa memori kadi, ndi mapulogalamu a maliro. Zonsezi zilembedwa ndi zala ziwiri za mwini kantemba, amene afunafuna chilembo chilichonse monga mayi asankha miyala mu nyemba. Ndipo pakati pa chilembo ndi chinzake, i3 ndi Celeron onse awiri angokhala chete kudikira chala, kusiyana kwake n'kwakuti mmodzi adikira pa mtengo wokwera. M'chaka cha 2024, pamene madzi anatsika ku Kariba ndipo m'makomboni magetsi ankaoneka maola atatu okha pa tsiku, mibadwo yonseyi inagona tulo tamodzi, wamkulu ndi wamng'ono, wa mitu iwiri ndi wa mitu inayi, popanda wodzitama.

Ena amdzudzula kuti adya mawati 65, kuposa 60 olembedwa pa i3 uja, chonsecho ntchito yake ndi ya mwana. Ine nditi kudya bwino muukalamba ndi dalitso, ndipo chimene adya sachibisa, achibweza monga kutentha; mwezi wa June, mphepo ikamalowa pansi pa chitseko, mapazi a mwini kantemba adziwa kumene athawira. Fani yake, yodzala fumbi lofiira la m'misewu ya George, ilira ngati chigayo, ndipo woyenda panja adziwiratu kuti malaiti abwera osafunsa munthu.

Nawonso a Microsoft anamsiya mu mtendere. Windows 7, imene iye avala, inaleka kusamalidwa mu January 2020. Windows 10 inatsatira pa 14 October 2025. Ndipo Windows 11 siyang'ana n'komwe purosesa ya msinkhu wake. Chotero palibe amene amdzutsa usiku kuti alandire zatsopano. Khomo lake lili pululu, ndipo mavairasi onse a m'mafulashi a Chunga, Matero ndi Lilanda apeza malo m'nyumba mwake, pakuti sanabwezepo mlendo; koma ndikhulupirira kuti ngakhale iwowo, poona mayendedwe a mwini nyumba, agwa ulesi nagona.

Chunga ali ndi malo awiri opumulirako: manda, a Chunga ndi a Chingwere, kumene apita anthu, ndi dzala lalikulu la mzinda wonse wa Lusaka, kumene zipita zinthu, utsi wake uli tolotolo, anyamata akufukula waya ndi zitsulo zokagulitsa pa sikelo. Nkhalamba yathu ikhala pakati pa awiriwa, kulembera oyamba mapulogalamu ndi kukana kuitana kwa lachiwiri. Tsiku lina ndili pomwepo inakomoka, galasi lili bii, fani yokha ikulira. Mphwake wa mwini kantemba, mnyamata wophunzira zamakompyuta, anati, "Amalume, itayeni iyi. Gulani i5 ya salaula, muikemo SSD, muzaona." Ndinong'oneze pano, nkhalamba isamve, kuti mnyamatayo ananena zoona, ndipo ndalama zikanakhala zanga ndikanatero, pakuti i5 wa 2011 kapena 2012 wokhala ndi SSD ndiye apatsa wosauka zambiri pa kwacha iliyonse.

Koma amalume ake sanayankhe. Anagwada, natsegula bokosilo ndi mpeni wa patebulo, nazula RAM, napukuta mano ake agolide ndi labala ya pensulo, nauzira m'kati katatu mpaka fumbi linatiyetsemulitsa tonse, nabwezera zonse m'malo mwake. Pabenchi panali mayi wina wovala duku lakuda, atagwira chithunzi cha malemu amuna awo ndi pepala la mayina a onyamula nkhata, maliro ali mawa lake. Bataniyo itasindikizidwa, tinakhala chete monga pamanda. Kenaka kunamveka kaliwu kamodzi, pii, ndipo zilembo zoyera zinayamba kutuluka pagalasi.

"Amai, khalani chabe," anatero mwini kantemba akudzikunkhumula m'mawondo. "Iyamba manje manje."

Mayiwo anayang'ana galasi, nayang'ana dzuwa pakhomo, namasula mwana kumsana kuti ayamwe.