Mendulo ya mfuti ndi ya ife amantha

Kunja kuno kuli masewero ena oti anthu akuluakulu, a mabanja awo, amatsekerana m'nyumba yopanda mawindo, kumanga kamfuti ka pistol m'chiuno, n'kumathamangathamanga pakati pa zipupa za mapulanga akuwombera makatoni. Katoniyo sanawalakwire kanthu, ndiponso sabwezera. Wolasa bwino komanso mwachangu amamuveka mendulo. Bungwe loyendetsa masewerowa padziko lonse, la IPSC, linakhazikitsidwa mu Meyi 1976 mumzinda wa Columbia ku Missouri, m'dziko la America, ndipo mtsogoleri wake woyamba anali Jeff Cooper, msilikali wopuma ntchito. Kuno kwa Mponda nyumba yotere tilibe. Koma tsiku lomwe idzamangidwe, ndikupempha kuti wokatiimirira asadzasankhidwe pakati pa madolo olankhula mokweza pa bawo, kapena anyamata a zifuwa zotambasuka a padoko. Adzachokere pakati pa ife amantha, ndipo pamndandanda umenewo, si kudzitama ayi, dzina langa lili pamwamba. Ine chubu cha njinga ya kabaza chikaphulika pamsika, pomwe anthu akutembenuka kuti aone chachitika n'chiyani, ndimakhala nditafika kale kuseri kwa thumba la makala.

Tiyambe ndi malamulo, chifukwa ambiri amayesa masewerowa ndi zija za m'mafilimu, zowombera uku ukudumpha pagalimoto. Kutalitali. Buku la malamulo ake linalembedwa ndi anthu ogona ndi diso limodzi. Mfuti imafika pabwalo ilibe chipolopolo, ndipo imakhala choncho kufikira woyimbira, amene amaima kumbuyo kwa phewa lako, atakuuza kuti tsopano ika. Ukafuna kuipukuta kapena kungoisirira, pali tebulo lake lapadera, ndipo patebulopo sugwira chipolopolo ngakhale chimodzi. Kukamwa kwa mfuti kukapenya kumbuyo komwe kuli anthu, longedza. Ukasuntha kuchoka pena kupita pena chala chili pa kachitsulo kowombera, longedza. Ukadutsitsa dzanja lako lomwe kutsogolo kwa mfutiyo potsegula chitseko, longedza. Ikakupulumuka n'kugwa pansi, longedza, koma usaitole wekha, akutolera woyimbira. Ndipo sakuchotsa gawo limodzi lokha, amakuchotsa mpikisano wonse, kaya unachokera kutali bwanji, kaya unalipira zingati. Tsono ndani angapirire tsiku lathunthu akuuzidwa poti aime, nthawi yoti agwire chinthu chake chomwe ndi nthawi yoti achisiye, osabweza liwu? Dolo sangathe, pofika masana akhala atafunsa kale woyimbira kuti ukundidziwa ine. Koma ife akamwini a kuno kunyanja maphunziro amenewa tinamaliza kalekale. Munthu wokhala pamudzi pa apongozi, wopempha chilolezo kuti adule mkoko wa nthochi yomwe anabzala yekha, woyimbira angamuuze chiyani chachilendo?

Masamu ake nawonso ali kumbali yathu. Katoni aliyense ali ndi zigawo zitatu. Ukalasa pakati, mapointi 5. Ukalasa cham'mphepete amatsika mpaka 2 kapena 1, malinga ndi mphamvu ya zipolopolo zako. Ukaphonya sangokuuza pepani, amakudula 10. Pakati pa makatoniwo amasakanizamo ena a mtundu wina, kawirikawiri oyera, amene saloledwa kulasidwa, ndipo ukaboola mmodzi 10 enanso apita. Mapointi otsalawo amawagawa ndi masekondi omwe watenga. Tiyerekeze gawo lalifupi, la zipolopolo 12. Dolo walowa ndi ukali, wamaliza m'masekondi 6, anzake akuimba malikhweru, koma zipolopolo zinayi zakadya khoma. Zisanu ndi zitatu zolasa pakati zampatsa 40, zophonya zamulanda 40, watuluka manja ali m'khosi. Ine ndalowa maondo akugundana, ndatenga masekondi 30 chifukwa chipolopolo chilichonse ndimayamba ndachipempherera, zonse 12 zalasa. Gawani 60 ndi 30, mupeza 2. Ziwiri n'zochepa, ndikuvomera, koma kusukulu komwe ndinalekezera ine 2 ankaposa 0. Palinso chifundo china chomwe munthu wa thumba ngati langa sangachione mopepuka: ungaphonye chotani, mapointi a gawo satsika kupitirira 0. M'dziko lino la katapila, pali malo amodzi pomwe munthu angalephere kotheratu n'kuchokapo wopanda ngongole.

Wina anganene kuti awa ndi masamu a papepala, zenizeni zimafuna kulimba mtima. Ameneyo akwere kabaza akafike ku boma la Mangochi, pafupi ndi mlatho wa Bakili Muluzi. Pambali pa nsanja ya wotchi yomwe inamangidwa mu 1903 pokumbukira Mfumukazi Victoria pali mzinga wa Hotchkiss womwe unali pa sitima ya Guendolen. Mu Ogasiti 1914, nkhondo yoyamba ya dziko lonse itangobuka, kaputeni wa sitimayi, Edmund Rhoades, analamulidwa kukaononga sitima ya Ajeremani ya Hermann von Wissmann. Anakaipeza ku Sphinxhaven, komwe lero ndi Liuli ku Tanzania, ataivuula m'madzi kuti aikonze. Taganizirani chandamale chimenecho: sitima yathunthu, ili pamtunda phee, siikuthawa, siikubwezera. Mabuku ena amangolemba mwaulemu kuti chipolopolo chimodzi chinagwira ntchito yonse. Ena ofotokoza mwatsatanetsatane amati zipolopolo zinali zokalamba, zina zinakana kuphulika, zina zinapita kukacheza kutchire, ndipo panatenga kanthawi chimodzi chisanalase. Kaputeni wa Ajeremani, Berndt, anali mnzake wa Rhoades wa pabotolo ndipo anali asanamve kuti kwayamba nkhondo. Nkhani imati anapalasa kabwato atakwiya kudzafunsa mnzakeyo ngati waledzera, mapeto ake n'kugwidwa ukaidi. Ku London anaulandira ngati uthenga wa chipambano, ndipo mpaka lero imatchulidwa kuti ndi imodzi mwa nkhondo zoyambirira za pamadzi m'nkhondo imene ija. Anali amuna olimba mtima, palibe wokana. Koma pamasamu aja a 5 ndi 10 akanabwerera ku Fort Johnston, komwe lero ndi Mangochi, ndi 0, ndipo woyimbira akanafunsa funso lomwe lija la Berndt.

Kumapiri akum'mawa kuli umboni winanso. Mu 1891 mtsogoleri wa atsamunda, Harry Johnston, anawombera mudzi wa Mfumu Mponda ndi mizinga, linga la Johnstonyo lili tsidya lina la Shire. Chaka chotsatira asilikali ake anakwera phiri kukathana ndi Mfumu Jalasi, amene m'mabuku a azungu amamulemba kuti Zarafi, ndipo anatsika ali chothawa, mzinga atausiya komweko. Anakaupezanso mu 1895. Ngati kugwetsa pistol pansi kumachotsetsa munthu mpikisano, kusiyira mnzako mzinga wathunthu zaka zitatu chilango chake n'chotani? Tsono yerekezani ndi zomwe zinachitika mu 1977, pamene mpikisano wa dziko lonse wa masewero athuwa unachitikira ku Salisbury, komwe lero ndi Harare. Anapambana ndi Dave Westerhout wa konko, amene ntchito yake inali yoyeza anthu maso ndi kuwalembera magalasi. Munthu woti tsiku lonse amakhala m'kachipinda kamdima kufunsa agogo ngati akuona bwino ndi galasi ili kapena ilo, ndiye anagonjetsa akatswiri a ku America ndi ku Ulaya. Mpikisanowu unabweranso ku South Africa mu 1979 ndi mu 2002, choncho pasakhale wonena kuti izi n'zakutali. Ndi msewu womwewu umene achimwene athu a kuno amayenda popita ku Joni.

Chotsutsa chomwe ndimachilemekeza n'cha liwiro. Eni masewerowa amati pamafunika zinthu zitatu, kulasa, mphamvu ndi changu, ndipo akatswiri enieni amalasa pakati komanso amamaliza m'masekondi ochepa, moti 2 wanga uja sindingafike naye patali. Apa ndiyankha kuti amene amakayikira liwiro la munthu wamantha sanaonepo mvuu ikutuluka m'bango madzulo. Vuto lathu si miyendo, ndi njira: liwiro lathu limalunjika kochoka, pamene makatoni ali kutsogolo. Komatu okonza mabwalowa anatiganizira. Magawo ambiri amakonzedwa moti wowombera ayenera kubwerera m'mbuyo kuti akaone makatoni ena, ndipo pobwererapo mfuti iyenera kupenyabe kutsogolo. Apa ndi pamene olimba mtima ambiri amachotsedwera, chifukwa amatembenuka thupi lonse, mfuti n'kutembenuka nawo. Koma kubwerera chambuyo maso ali pa choopsa ndi luso lomwe ife timabadwa nalo. Timachita zimenezi kwa galu wa eni, kwa mwini nyumba pakutha pa mwezi, ndi kwa mayi a kunyumba akafunsa za ndalama ya ndiwo.

Za ndalama zanditsogolera ku chotsutsa chachiwiri. Pistol si chinthu chogula pa okala. Lamulo la mfuti la dziko lino, la mu 1967, limafuna chiphaso cha kupolisi, ndipo munthu ngati ine wolowa papolisi chipewa chili m'manja ngakhale ndikungofunsa njira, sindikuona ndikuyamba nkhani yoti bwana ndikufuna mfuti. Kuwonjezera apo mpikisano waukulu umadya zipolopolo mazanamazana, osawerengera zoyeserera, ndipo chilichonse chikalira ndi ndalama ya mulu wa usipa yapsa. Koma ku Hong Kong ndi maiko ena a kumeneko, komwe mfuti zenizeni n'zovuta kukhala nazo, anthu amachita masewero omwewa ndi timfuti ta mpweya totulutsa timikanda ta pulasitiki, m'nyumba, malamulo ake pafupifupi omwewo. IPSC inawavomereza, ndipo mpikisano wawo woyamba wa dziko lonse unachitikira ku Hong Kong komweko mu 2018. Ngati mkanda wa pulasitiki wafika pa mpikisano wa dziko lonse, sindikuona chifukwa chonyozera legeni, yomwe mwana aliyense wa kwa Mponda amaidziwa asanadziwe a e i o u. Mphira ulipo, miyala ndi yaulere, makatoni ali mbwee kuseri kwa sitolo za pa boma. Chosowa ndi buku la malamulo basi, ndipo aliyense amene anaonapo diso la mnzake wa legeni akudziwa kuti bukulo linachedwa.

Ena akuti m'nyumba simungatheke kuno, ndipo ali ndi mfundo. Mfuti ikalira mkati mwa zipupa phokoso limabwerera mpaka m'mano, n'chifukwa chake aliyense amavala zotseka m'makutu, ena ziwiri nthawi imodzi, komanso magalasi oteteza maso. Utsi wake uli ndi fumbi la mtovu loipa m'thupi, choncho nyumbayo imafuna makina okoka mpweya usana wonse. Ikani nyumba yopanda mawindo ku Mangochi mwezi wa Okutobala, kenaka magetsi azime. Sindikukana kuti zingavute. Ndikungofunsa kuti mdima ukagwa mwadzidzidzi m'chipinda momwe wina wagwira mfuti yodzaza, mungakonde wogwirayo akhale ndani? Dolo uja woyamba kutembenuka kufunsa wazimitsa ndani, kapena ine amene ndimauma pomwe ndaima, osaphethira, kufikira wina atandigwira paphewa n'kundiuza kuti zatha?

Akuluakulu a kumzikiti ndi kutchalitchi afunsa funso lolemera kuposa onsewa: mfuti zinasautsa kale dera lino m'masiku a malonda a akapolo, tiziitanirenso chiyani? Funsoli sindiliseka. Ndingoti masewerowa ndi malo okhawo omwe ndikuwadziwa komwe mfuti imachititsa munthu kukhala wofatsa kuposa momwe analili kunyumba. Wofika atalawako, ngakhale pang'ono, amabwezedwa. Wokwiya n'kuyamba mwano amabwezedwa. Amene amafuna mfuti kuti aziopedwa pamudzi sangathe sabata ziwiri m'gulu lomwe ntchito yake yaikulu ndi kuonetsa mnzako kuti mfuti yako ilibe kanthu. Lamulo la mowalo, kunena chilungamo, likundipweteka inenso, chifukwa kulimba mtima kochepa komwe ndili nako kumagulitsidwa m'botolo.

Kwatsala nkhani ya manja. Alamu anga, amene sandifunira zoipa, anganene kuti masamu anga aja a zipolopolo 12 zolasa pakati aiwala chinthu chimodzi, kuti wamantha amanjenjemera, ndipo munthu amene tiyi amatayikira m'sosala mlendo akangomuyang'ana sangalase katoni ngakhale atamuimika pamphuno. Mwina akunena zoona. Koma mpikisano suyenda ndi olasa okha. Wowombera aliyense akamaliza, woyimbira akawerenga mapointi, anzake amalowa kukamata mabowo ndi timapepala tomatira, kudzutsa zitsulo zomwe zagwa ndi kutola makoko a zipolopolo, ndipo timapepalato timagulidwa, makatoninso akabooka kwambiri amasinthidwa. Ine ndikadutsa, katoni adzatsala watsopano monga anabwerera kusitolo, wotsatira n'kungoyamba osadikira. Msungichuma wa gulu aliyense wodziwa ntchito yake aona yekha kuti membala wotere sayenera kulipiritsidwa ndalama yolowera. Za pulasitala wa khoma lakumbuyo tidzakambirana padera.